Lonjezo ndi Langa, Msana ndi wa Bulu

Msewu wocokera ku Tete kupita ku malire a Malawi umaoloka mtsinje wa Revúbuè, n'kudutsa m'fumbi la malasha a ku Moatize, n'kupitirira ca ku Cateme, Caphiridzange ndi Mussacama, kenaka n'kukwera mpaka pa Zóbuè, pamene mphepo imayamba kuzizira. Wokwera chapa amautha tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke. Woyenda pansi amafunika masiku angapo, cifukwa kucokera mu mzinda wa Tete mtunda wake umapitirira makilomita 100, ndipo gawo lalikulu ndi la m'cigwa cotentha, kumene m'miyezi ya Outubro ndi Novembro kutentha kumafika madigiri 40 n'kupitirira. Caka ndi caka Akatolika a Dayosizi ya Tete amatsata msewu umenewu kupita ku malo oyera a Amayi Maria, Santuário de Nossa Senhora da Conceição do Zóbuè. Ambiri amakwera magalimoto. Alipo ena amene amasankha mapazi: wina kukathokoza kuti mwana wacira, wina kukapempha nchito, wina kukakwaniritsa lonjezo limene anapanga usiku wina atakhala pa benchi ya cipatala.

M'mbali mwa msewu womwewo mumakhalanso wapaulendo wina amene saimba nyimbo ndipo sanyamula kolona. Ameneyu ndi bulu. Mumupeza akukoka ngolo ya nkhuni, ya makala kapena ya zigubu za madzi, mutu uli pansi, mnyamata ali pambuyo ndi cikwapu. Amayenda tsiku ndi tsiku mitunda imene ife timaiyenda kamodzi pa caka n'kumaisimba mpaka caka cinaco.

Pa pulogalamu ina ya pa wailesi, imene omvera amaimba foni, bambo wina wacikulire anafunsa funso limene linativuta tonse. Iwo anati analonjeza kukafika ku Zóbuè pansi, koma maondo ndi msana sizikulolanso kusenza katundu. Pakhomo ali ndi bulu. Ndiye anafunsa kuti: «Ndikamutenga kuti andinyamulire madzi, ufa ndi bulangete, ine n'kumayenda pansi, lonjezo langa likhala lathunthu, kapena ndabera?» Omvera anagawikana. Ena anati ulendo woyera ndi wovutika, ndipo wocepetsa kuvutika wacepetsa mphotho. Ena anati Mulungu amawerenga mapazi ndi mtima, sawerenga matumba. Onse ankakamba za bambo aja ndi mphotho yawo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa za bulu.

Ine ndikuona kuti funso lalikulu lili pamenepo. Munthu akalonjeza yekha, koma katundu wa lonjezolo n'kukhala pa msana wa wina amene sanalonjeze kanthu, kodi wolonjezayo ali ndi ngongole yotani kwa wosenzayo?

Kuvutika kosankha ndi kuvutika kokugwera

Kuyenda ulendo wautali kupita ku malo oyera sikunabwere ndi amishoni. Makolo athu ankayenda masiku ambiri kupita ku Msinja kwa Makewana kapena ku Khulubvi kwa Mbona kukapempha mvula, ndipo malire a maiko amene tikuwadziwa lero sankawaletsa. Abale athu Asilamu ali ndi Haji. Pa maulendo onsewa pali cinthu cimodzi cofanana: munthu amacoka pa mphasa yake palibe womuthamangitsa.

Ufulu umenewu ndi umene umapatsa ulendo tanthauzo. Wapaulendo wa ku Zóbuè akafika pa Caphiridzange matuza ataphulika m'mapazi, angathe kuimitsa chapa n'kukwera, ndipo palibe amene angamumange. Akapitiriza, phazi lililonse limene akuponda ndi «inde» watsopano. N'cifukwa cake kutopa kwake kungachedwe nsembe: ndi kwake, ndipo akukupereka yekha.

Tsopano taganizirani anthu amene anayenda msewu womwewu m'zaka za nkhondo, nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Roma la pa 4 Outubro 1992. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo ambiri a cigawo cathu anaolokera ca ku Mwanza, mtolo pamutu, mwana kumsana. Mapazi awo anatupa kuposa a wapaulendo aliyense wa lero. Koma palibe angawauze kuti anali pa ulendo wodzipereka. Kuvutika kwawo kunangowagwera, ndipo coyenera kunena pa kuvutika kotero ndi cakuti sikunayenere kucitika.

Bulu wa pa ulendo woyera ali mbali yaciwiriyi. Sadziwa kuti Zóbuè n'ciani. Sangaimitse chapa. Cilonda cikatuluka pa msana pake siciwonjezera kanthu pa nsembe ya mbuye wake, cimangokhala cilonda. M'buku laciwiri la Samueli, mutu 24, mfumu Davide anakana kulandira kwaulere malo ndi ng'ombe zoperekera nsembe, cifukwa sanafune kupereka kwa Mulungu cinthu cimene iye sanacivutikire. Nzeru yake ndi yosavuta: cimene si cako sungacipereke. Thukuta lako ungalipereke. Magazi a pa msana wa bulu si ako.

Timudziwe kaye amene tikuyenda naye

Dzina lakuti bulu tinalitenga ku Cipwitikizi, burro, ndipo pamodzi ndi dzinalo tinalandiranso cipongwe cake. Ambiri a ife tinamvapo mwana wolephera masamu akuchedwa burro pa sukulu. Koma nyamayi ndi ya kuno ku Africa. Makolo ake ndi abulu a m'chire a kumpoto ca kum'mawa kwa Africa, ndipo anthu anayamba kuiweta zaka masauzande angapo zapitazo, kale kwambiri Apwitikizi asanaone Zambezi.

Cimene timati makani kawirikawiri ndi kusamala. Hachi ikaopa imathawa. Bulu akaopa amaima n'kuyamba kuyang'anitsitsa. Akakana kuponda pa mlatho wogwedera kapena pa matope, nthawi zambiri amakhala waona kanthu kamene mwini wake, cifukwa ca cangu, sanakaone. Nkhani ya Balamu m'buku la Numeri, mutu 22, inalembedwa ndi anthu odziwa abulu: mneneri anamenya bulu wake katatu cifukwa cokana kupitirira, pamene bulu ndiye ankaona coopsa cimene cinali panjira.

Cinthu caciwiri n'cakuti bulu amabisa ululu. Galu akapweteka amalira, mbuzi imacita phokoso mudzi wonse n'kumva. Bulu amangokhala cete, mutu pansi, n'kusiya kudya. Pamene mwini wake azindikira kuti cinacake calakwika, matenda amakhala atapita patali. Kupirira kumeneku ndi kumene kumamugulitsa. Popeza sadandaula, timaganiza kuti sakumva, ndiye timawonjezera thumba lina.

Cacitatu ndi thupi lake. Alangizi a ziweto ambiri amati katundu wa pamsana asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa buluyo. Ndiye kuti bulu wa makilo 150 asasenze zoposa makilo 50, zimene zili zigubu ziwiri za malita 20 ndi kamtolo kakang'ono. Katunduyo alingane mbali zonse ziwiri, akhale pa nthiti, pansi pake pali zofewa, asatsamire pa fupa la msana. Pokoka ngolo bulu amakoka ndi cifuwa, conco goli la ng'ombe, limene limakhala pa khosi, limamucekaceka. Amapirira ludzu kuposa ng'ombe, koma kupirira si kusafuna, ndipo madzi onyansa amawakana. Amakondanso mnzake amene anazolowerana naye, ndipo akawalekanitsa amatha kusiya kudya.

Zonsezi mlimi wa ku Changara amene anakula ndi abulu amazidziwa popanda buku. Ndazichula cifukwa nkhani ya cilungamo imayamba ndi kudziwa. Sungacitire wina cilungamo usakudziwa cimene cimamupweteka.

Amene anayendapo ndi abulu

M'caka ca 1878 mlembi wa ku Scotland, Robert Louis Stevenson, anayenda masiku 12 m'mapiri a Cévennes ku France, mtunda wa makilomita pafupifupi 200, ali ndi bulu wamkazi dzina lake Modestine. Sunali ulendo wa cipembedzo, koma buku limene anatulutsa caka cotsatira linachuka kwambiri, ndipo lero anthu ambiri amayenda njira yomweyo, ena atabwereka abulu. Stevenson sanabise zimene anacita. Anakwiya ndi kuyenda pang'onopang'ono kwa Modestine, anamumenya, kenaka anayamba kumubaya ndi kandodo kosongoka. Pofika kumapeto, pa Saint-Jean-du-Gard, buluyo anapezeka kuti sangathenso kuyenda. Anamugulitsa n'kukwera ngolo ya anthu, ndipo ali m'ngolomo ndi pamene anazindikira kuti wataya bwenzi, n'kuyamba kulira. Misozi imeneyo inali yoona, koma inafika mocedwa. Modestine sanapindule nayo kanthu.

Ku Spain kuli njira ya Santiago de Compostela, imene anthu akhala akuyenda kwa zaka zoposa 1000. Woyenda pansi makilomita 100 omaliza amalandira cikalata cosonyeza kuti wamaliza ulendo, ndipo mtunda umenewu suli kutali ndi wathu wa ku Zóbuè. Ena amayenda njirayo ndi abulu. Amene anayesapo amasimba zofanana: tsiku limayamba ndi kusamala bulu, malo ogona amasankhidwa poyang'ana msipu ndi madzi, ndipo mapulani a makilomita amene munthu analemba ali kunyumba amatha tsiku loyamba. Pa cikalata pamalembedwa dzina la munthu yekha.

Kuno ku Africa, ndege zisanabwere, Asilamu a mitundu ya Hausa ndi Fulani ankacoka ku Nigeria ndi maiko oyandikana nawo, n'kudutsa Chad ndi Sudan kupita ku Nyanja Yofiira kuti akaolokere ku Makka. Osauka ankayenda pansi, katundu ndi ana ang'ono ali pa abulu kapena pa ng'ombe. Ulendo unkatenga zaka, cifukwa ankaima panjira kulima kapena kugwira ganyu, ndipo ambiri anakhazikika ku Sudan kumene zidzukulu zawo zili mpaka lero. Pa ulendo wotere munthu wozunza bulu wake ankadzizunza yekha, cifukwa bulu akagwa pakati pa cipululu, banja lonse laima.

Pa nkhani zitatuzi pali phunziro limodzi. Wotenga bulu amaganiza kuti watenga cida cocepetsa mavuto, koma amapeza kuti watenga mnzake amene ali ndi liwiro lake, njala yake ndi mantha ake. Kucokera pamenepo pali njira ziwiri: kumukakamiza ndi ndodo kuti atsate liwiro lako, kapena kutsitsa liwiro lako kuti lifanane ndi lake. Akuluakulu anati fulumira anadya gaga.

Ife a ku Tete tikuudziwa msana wosenza

Nkhani imeneyi siyenera kukhala yacilendo kwa ife, cifukwa m'dziko lino munali nthawi imene osenza anali agogo athu. Eni maprazo ndi akuluakulu a boma la atsamunda ankayenda pa macila, atagona pa nsalu, amuna akuthamanga nawo pa mapewa. Minyanga, mchere ndi nsalu zinkayenda pa mitu ya amtengatenga. Kenaka kunabwera cibalo, ndipo misewu yambiri ya nthawi imeneyo inalambulidwa ndi anthu ogwidwa m'midzi popanda kufunsidwa. Pa nkhondo ya zaka 16 anthu ankagwidwanso kukasenza katundu wa asilikali maulendo ataliatali, ndipo ena sanabwerere. M'mabuku a apaulendo akale mumalembedwa kuti wakutiwakuti anafika pa malo akuti. Maina a amene anamunyamula mulibe.

Zóbuè weniweniyo ali ndi gawo pa nkhaniyi. Seminale ya kumeneko inatsegulidwa nthawi imene cigawo ca Tete cinali pansi pa Dayosizi ya Beira, imene episkopi wake anali Dom Sebastião Soares de Resende, munthu amene anadzudzula poyera nchito yokakamiza. Dayosizi ya Tete inadzakhazikitsidwa mu 1962. Ansembe a gulu la Padres Brancos, amene anaphunzitsa pa seminaleyo m'zaka zake zoyamba, anacoka m'Moçambique onse pamodzi mu 1971, cifukwa sanafune kuti kukhalapo kwawo kuzioneka ngati kudalitsa ulamuliro wopondereza. Kaya munthu ndi wa mpingo uti, angaone funso limene anthu amenewa analimbana nalo: kodi pemphero lingayere litakhala pa msana wa wokakamizidwa?

Sindikunena kuti bulu ndi munthu, kapena kuti cilonda cake n'cofanana ndi cibalo. Kutero kungakhale kunyoza agogo athu. Ndikunena kuti maganizo a wokwera macila ndi a womenya bulu ali ndi muzu umodzi, wakuti ulendo ndi wanga ndipo wosenza ndi mbali ya katundu. Mtundu umene unasenzapo uyenera kukhala woyamba kuuzindikira muzu umenewu ukayamba kuphuka m'mtima mwake.

Zimene ena angatsutse

Wina anganene kuti bulu ndi ciweto, ndipo nchito yake ndi kusenza. Ndikuvomereza. Sindikupempha kuti abulu amasulidwe azikangoyendayenda m'chire. Pali mabanja ambiri amene madzi, nkhuni ndi ndalama ya sopo zimabwera pa ngolo ya abulu, ndipo bulu akasowa katundu amabwerera pamutu pa amayi ndi atsikana. Izi zaoneka m'maiko amene abulu akhala akuphedwa cifukwa ca zikopa zawo, zimene zimagulitsidwa ku China kukapanga mankhwala ochedwa ejiao, mpaka atsogoleri a bungwe la African Union, pa msonkhano wawo wa ku Addis Ababa mu Fevereiro 2024, anagwirizana zoletsa kupha abulu cifukwa ca zikopa. Pakati pa munthu ndi bulu pali pangano losalembedwa: iye asenze, ife timupatse msipu, madzi, mpumulo ndi khola lomuteteza kwa afisi. Kugwiritsa nchito sikulakwa. Kulakwa ndi kulandira mbali yake ya pangano n'kukana yathu.

Ndipo taonani kusiyana kwake. Bambo amene akuthamangitsa ngolo kuti akafike pa msika wa Moatize makala asanatsike mtengo ali ndi cifukwa cimene tingacimve, ngakhale sitingacivomereze: pakhomo pali njala. Wapaulendo woyera alibe cifukwa cotero. Palibe bwana womudikira, palibe msika wotseka. Anacoka pakhomo kuti akakhale munthu wabwinoko. Ndiye ngati pali ulendo umene bulu ayenera kuyenda wopanda cilonda, ndi umenewu. Pa maulendo onse, apa ndi pamene nkhanza zilibe pobisala.

Wina anganene kuti: anthu akuvutika, mabanja anasamutsidwa pa minda yawo cifukwa ca migodi, acinyamata alibe nchito, inu n'kumataya nthawi ndi bulu? Funsoli ndi lolemera ndipo sindikulipeputsa. Koma cifundo si ufa wa m'thumba kuti ukapatsako bulu ndiye mwana agona ndi njala. Cifundo cili ngati dzanja la mlimi, limene limalimba ndi kugwira khasu. Mnyamata amene waphunzira kuti wosalankhula angamenyedwe popanda mlandu sadzasiya phunzirolo m'khola tsiku limene adzakwatire. Malamulo a Mose sanaone kuti kuchula bulu n'kutaya nthawi. Pa lamulo la Sabata m'buku la Deuteronomo, mutu 5, mpumulo ukufikira mwana, wanchito, mlendo, ng'ombe ndi bulu pa mndandanda umodzi. M'buku la Eksodo, mutu 23, munthu akulamulidwa kuthandiza ngakhale bulu wa mdani wake akagwa ndi katundu. Amene analemba zimenezi anali anthu okumbukira ukapolo.

Wacitatu anganene kuti: ngati zili conco, bwanji osangosiya bulu pakhomo n'kusenza wekha? Kwa wamphamvu zimenezi n'zotheka. Koma tisadzinamize kuti pali munthu amene amayenda yekha. Madzi amene wapaulendo amamwa pa Mussacama anatungidwa ndi wina. Khonde limene amagonapo linasesedwa ndi wina. Mutu umodzi susenza denga, ndipo wokana cithandizo conse kuti adzanene kuti «ndinafika ndekha» wasenza katundu wolemera kuposa ufa, amene ndi kunyada. Komanso tikati woyenera ulendo ndi yekhayo wosenza yekha, ndiye kuti tatsekera kunja okalamba, odwala ndi olumala, amene mwina ndiwo ali ndi zambiri zokanena ku malo oyera.

Conco kwa bambo aja yankho langa ndi ili. Bambo, mutengeni buluyo. Simunabere. Lonjezo lanu linali la mapazi anu, ndipo mapaziwo ayendabe. Koma dziwani kuti pomutenga mwawonjezera lonjezo laciwiri pa loyamba lija. Muziyamba m'bandakuca n'kupuma dzuwa likakwera, ngakhale inu mutamva kuti mphamvu zilipo. Pofika pa madzi, iye ayambe kumwa. Pofika pogona, mumutule katundu musanakhale pansi. Akaima, muyambe mwayang'ana cimene waona. Akayamba kutsimphina, ulendo wa tsikulo wathera pomwepo, ngakhale anzanu akupitirira ndi nyimbo. Mudzaona kuti bulu sanacepetse kudzimana kwanu. Wangokusintha: m'malo mwa kupweteka kwa mapewa mwalandira kuleza mtima, kumene kwa ambiri a ife n'kovuta kuposa kusenza.

Misana ina imene sitiiona

Ambiri amene akuwerenga kabuku kano sadzayenda ndi bulu. Koma funsoli silikuwasiya. Bambo akanyamuka kupita ku ulendo wa masiku asanu, ndani akutsala ndi mbuzi, munda ndi agogo odwala? Kawirikawiri ndi mayi, kapena mtsikana amene ajomba ku sukulu sabata imeneyo. Pa malo oyera penipeni, pamene ena agwada m'mapemphero a usiku, pali amayi amene ali pa mafuwa ndi miphika ikuluikulu, ndi acinyamata amene akutunga madzi ndi kusesa. Ena a iwo anasankha okha, ndipo nchito yawoyo ndi ulendo wawo. Ena anangouzidwa.

Zimenezi sizili pa cipembedzo pokha. Wophunzira amene akupita ku yunivesite pa ndalama za mlongo wake wogulitsa tomato, mtsogoleri amene akuyamikiridwa cifukwa ca citukuko cimene anakumba ndi anthu a m'mudzi, ngakhale ife a pa wailesi amene mawu athu amamveka pamene wokonza makina sachulidwa, tonse tili ndi colinga cabwino cimene cikuyenda pa msana wa wina. Ubwino wa colinga sufafaniza ngongole. Nthawi zina umangoibisa, cifukwa munthu wodziona kuti ali pa nchito yoyera savutika kufunsa kuti wandinyamula ndani.

Kwa munthu, ngongoleyi imayamba ndi kupempha. Mkazi, mwana ndi wanchito angathe kufunsidwa, ndipo ali ndi ufulu wokana. Kumuuza kuti «ndikupita, utsale ndi ziweto» n'kosiyana ndi kumufunsa kuti «kodi ungathe kutsala, ndipo ine ndidzatsala liti kuti nawenso upite?» Kwa bulu, amene sangafunsidwe, ngongole ndi yaikulu m'njira ina, cifukwa mwini wake ayenera kukhala womufunsa ndi womuyankhira yemwe. Amene alibe pakamwa pokanira, womusenzetsa ndiye ayenera kumukanira.

M'buku la Genesis, mutu 22, Abrahamu anayenda masiku atatu ndi mwana wake, anyamata awiri ndi bulu. Ataona phiri patali anasiya anyamatawo ndi bulu pansi, iye ndi Isake n'kukwera. Timalalikira kwambiri za zimene zinacitika pamwamba pa phiri, koma nkhaniyo imanenanso kuti Abrahamu anabwerera kwa anyamata aja ndipo anapita kwawo pamodzi. Pa Zóbuè nazo zidzakhala conco. Bulu sadzalowa m'chalichi. Adzatsala pansi pa mtengo, mwina ndi mnyamata womuyang'anira. Wapaulendo asanalowe kukagwada, ayendetse dzanja pa msana wa buluyo ndi pa cifuwa pamene panadutsa cingwe, ayang'anenso ziboda zake. Cimene dzanja lipeze pamenepo ndi mbali ya zimene akalowe nazo.

Kenaka pali kubwerera, kumene sikuimbidwa nyimbo. Misa ikatha, magalimoto amadzaza, ndipo munthu wotopa amamva kuti lonjezo latha, tsopano angakwere. Koma msewu wobwerera ndi wautali cimodzimodzi, ndipo ukutsikira m'cigwa cotentha. Bulu sangakwere chapa. Wina ayenera kuyenda naye masiku omwe aja, ndipo n'kosavuta kupatsa mnyamata cingwe ndi kandalama ka mandasi n'kumuuza kuti tikakumana kunyumba. Ngati mwini wake sangathedi kuyendanso, akambirane ndi mnyamatayo asananyamuke pakhomo, amulipire moyenera, ndipo awapatse onse awiri tsiku lopuma asanauyambe. Ngati angathe, agwire cingwe yekha. Ulendo umene unayamba ndi awiri pa khomo la khola umatha pamene onse awiri alowanso pa khomo lomwelo, wina atamwa madzi n'kugona pa udzu wake, wina atakhala pa mphasa yake.